Khwawa Louma la pa Dzalanyama

Tsiku limene nkhondo inalowa m'mudzi mwathu ndi tsiku limene anandimeta. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinali nditagona m'tsimba masiku asanu ndi limodzi, ndipo m'mawa umenewo anamkungwi anandimeta mpala, nandidzoza mafuta a nsatsi, nandiveka mikanda yoyera m'khosi. Masana ndinayenera kutulutsidwa pabwalo. Thobwa linali litaima kale m'mitsuko pansi pa mtengo wa mango.

Mudzi wathu unali ku Mozambiki, kuseri kwa phiri la Dzalanyama. Tinali Achewa ngati a kuno. Malire anangodutsa pamwamba pa phiri osatifunsa.

Inu obadwira m'tauni muno simudziwa lamulo la namwali, ndiye ndikuuzeni. Namwali wotuluka m'tsimba salankhula ndi makolo ake kapena wamkulu aliyense mpaka atamufupa. Amamuikira kanthu patsogolo, kaya mkanda, kaya dzira, ndipo pakamwa pamatseguka. Anamkungwi anandiuza chimene chimachitika ukalumpha lamuloli. Anati amako amatupa n'kufa. Ananena mosakweza mawu, uku akutola tsitsi langa pansi. Ine ndinakhulupirira. Musandiseke, nanunso mukanakhulupirira.

Chondifupira ndinali nditachiona kale. Zinali ndolo ziwiri zazing'ono zimene amayi anagula kwa munthu woyenda ndi malonda panjinga. Anazibisa m'nsupa, nsupayo n'kuisomeka kudenga. Iwo ankaganiza kuti sindikudziwa.

Atate kunalibe. Anali atapita ku Lilongwe chaka cham'mbuyo, atamva kuti boma likusamuka ku Zomba ndipo aliyense wodziwa kugwira fosholo akulembedwa ntchito. Ankakumba mchenga mumtsinje wa Lingadzi. Kumudzi anali munthu wa njuchi, ndipo poti analibe mwana wamwamuna, wowagwirira chingwe pokweza ming'oma ndinali ine. Phiri ndinalidziwa chifukwa cha uchi.

Asananyamuke anakwera nane mpaka pamwamba. Pamenepo pali dambo laling'ono, ndipo m'dambomo mumatuluka njira ziwiri za madzi. Ina ili ndi madzi chaka chonse ndipo imatulukira kum'mawa. Ina ndi khwawa chabe, louma nthawi ya dzuwa, ndipo limatulukira kumpoto, m'miyala.

“Uwu wa madziwu ndi wabodza,” anatero atate. “Ukuoneka ngati ukupita ku Malawi, koma ukazungulira phiri n'kubwerera. Ndi Kamwambuzi wathu yemweyu, amene mumatungamo kumudzi. Njira ndi khwawa loumali.”

Anandionetsanso zinyalala zimene madzi a dzinja amasiya pa mitengo ya m'khwawa. Zimakodwa mbali imene madzi achokera. Anati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa nalonso limasunga mapazi a madzi. Kenako anandilongosolera njira yonse, n'kundibwerezetsa kawiri. Khwawa likathira mumtsinje wa Lilongwe. Utsike nawo mpaka pa mlatho waukulu wa m'tauni. Pamlatho usaime. Upitirire mpaka pamene mtsinje wina ukulowa kuchokera kumanzere. Umenewo ndi Lingadzi, ukwere nawo.

Amayi sanauzidwe zimenezi. Anali ndi mwana wakhanda nthawi imeneyo, ndipo atate sanafune kuwaopsa ndi nkhani za kuthawa.

Tsiku la kumetalo ndege inabwera dzuwa lisanafike pamutu. Inazungulira kamodzi. Kenako mfuti zinayamba kulira kumadimba. Asilikali a Apwitikizi ankasaka anyamata a m'tchire, ndipo mudzi uliwonse umene ankauganizira kuti umawaphikira ankauotcha. Phungu wanga, mayi amene ankandilankhulira masiku onse a m'tsimba, anatuluka kukatenga ana ake. Sindinamuonenso.

Amayi anandikoka padzanja. Kumsana anali atabereka mng'ono wanga Lusiya, wa zaka ziwiri. Titafika pa nkhokwe anandisiya, n'kuthamangira m'nyumba. Atsibweni a Bonifasiyo, alongo awo, anawakalipira kuti akufera chiyani. Amayi anatuluka akumanga mfundo pa ngodya ya chitenje chawo. Podutsa pabwalo ndinaona mbuzi italowetsa mutu mumtsuko wa thobwa.

Tinali mabanja atatu. Wotsogolera anali atsibweniwo, poti anali atayendapo ku migodi ya ku Joni ndipo anthu ankati amadziwa dziko. Phiri lathu lomweli anali asanalikwerepo. Ananyamula wailesi ndi jekete. Tinapewa mtsinje chifukwa asilikali anali komweko, n'kukwera molunjika pamtsetse, m'tchire lopsa. Phulusa linkalowa m'maso. Tinagona m'miyala, ndipo m'mawa mwake tinafika padambo lija.

Anthu anagwada n'kumwa ngati ng'ombe. Atsibweni anaima nayang'ana dzuwa. Analoza mtsinje wa madzi uja.

“Malawi ali kum'mawa, ndipo madziwa akupita kum'mawa,” anatero. “Tikawatsata sitifa ndi ludzu.”

Palibe anatsutsa. Mawuwo anali omveka.

Ndinagwira chitenje cha amayi n'kukoka. Dzanja langa linagwira pa mfundo paja, ndipo munali kanthu kolimba. Ndinayesa ndi mchere. Ndinaloza khwawa louma. Amayi anayang'ana miyalayo, n'kundiyang'ana ine.

“Kulibe madzi uko, Rozina. Tiye.”

Ndinakokanso. Atsibweni anaona, nati namwali watopa, wina amugwire dzanja. Amayi anachotsa zala zanga pa nsalu yawo chimodzichimodzi. Sanachite mwaukali. Anali atatopa, ndipo Lusiya ankalira.

Chinthu chilichonse chikanakwana. Singano, njere ya chimanga, ngakhale batani la jekete ya atsibweni. Koma za mwambo zinali zitatsala kumudzi pamodzi ndi thobwa, ndipo panalibe anakumbuka kuti pakamwa panga ndi potseka. Kupempha sindikanatha, chifukwa kupempha ndi kulankhulanso. Ana anzanga amene ndikanawanong'oneza anali aang'ono kwambiri, osati oti wamkulu n'kuwamvera.

Tinatsika ndi Kamwambuzi. Mtsinjewo sukhota moonekera. Umapendeka pang'onopang'ono, monga munthu wosenza mtolo wolemera mbali imodzi. Kumwamba kunali utsi wa matchire, dzuwa losaoneka bwino. Anthu anayamba kumasuka. Mayi wina anafunsa ngati ku Malawi sopo ndi wotchipa. Ine ndinkayenda pambuyo, ndikuwerenga miyala imene ndinkaidziwa.

Dzuwa litapendeka tinafika pa mtengo wa mkuyu. M'mwamba mwake munali mng'oma wa atate. Chingwe chimene ndinawagwirira chinali chikadalipo. Kuchokera pamenepo kukafika kumudzi ndi mtunda woti munthu amapita n'kubwerako asanadye. Ndinatsegula pakamwa. Mawu anafika pa mano. Ndinayang'ana mapazi a amayi, ndipo m'maso mwanga ndinawaona atatupa. Ndinatseka.

Patsogolo pang'ono amayi anamasula Lusiya n'kundiberekesa, kuti atsike kukadzaza chikho. Anali atawerama pamadzi pamene mfuti zinayamba kutsidya. Wailesi ya atsibweni inagwera pamwala. Amayi anadzuka chikho chili m'manja.

“Thawa naye!”

Ndinathawa. Sindinacheuke, ndipo zimenezi ndimazinena monga zinachitikira. Akuluakulu amati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Mwambi umenewo ndi wa anthu amene anachenjezedwa osamva. Anthu a kwathu sanachenjezedwe. Amene akanawachenjeza ndinali ine.

Ndinakwera ndi mtsinje womwewo, mwana ali kumsana. Padambo ndinafika tsiku lotsatira. Ndinadikira pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndinkakhala, ndinkaima, ndinkapita kukasuzumira. Kunabwera anyani okha. Ndinamwetsa Lusiya, n'kunyika nsalu yanga m'madzi kuti azikayamwa, ndipo tinalowa m'khwawa louma.

M'khwawamo munali motentha ngati m'chiwaya. Pena pake linafika pamalo athyathyathya n'kukumana ndi khwawa lina, ndipo sindinadziwe kumene ndi kunsi. Ndinafuna mtengo. Udzu ndi timitengo zinali zitakodwa mbali imodzi ya tsinde, zouma gwa. Ndinazipatsa msana n'kupitirira. Pamene mchenga unayamba kuda ndinakumba ndi manja, ndipo madzi anatuluka, a fungo la mizu.

Lusiya yekha ndi amene ndinkalankhula naye. Ndinkamuuza mawu a atate, kuti ndisaiwale. Mlatho, usaime, kumanzere. Iye ankangoti “mama”.

Khwawa linakhala kamtsinje. Kamtsinje kanakathira mu wina wokulirapo, wa bango m'mbali. Pamenepo ndinaona mayi akuthirira mpiru mosayang'anayang'ana kumwamba, ndipo ndinadziwa kuti ndawoloka. Anandifunsa kumene ndikuchokera. Ndinagwada n'kuweramitsa mutu. Mpala wanga ndinali nditaufunda nsalu chifukwa cha dzuwa, mikanda ili mkati. Anaitana mnzake kuti adzaone kamtsikana kosalankhula. Anatipatsa mbatata zootcha ndi malo ogona kukhitchini. M'mawa ndinanyamuka iwo asanadzuke, osathokoza. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Midzi ina inali chimodzimodzi. Ena ankafuna kutisunga. Ine sindinkatha kukhazikika. Ndinkaganiza kuti mwina amayi adutsa njira ina ndipo atsogola. Mayi aliyense wowerama pamtsinje ndinkamuthamangira.

Ku Malingunde mtsinje unandithera. Unangosanduka madzi ambiri oima, osapita kulikonse. Damu ndinali ndisanalionepo. Ndinaponyamo tsamba, tsambalo linangokhala. Ndinafuna zinyalala pa mitengo, koma panalibe chondiuza. Za zimenezi atate sananene. Ndinakhala pansi n'kulira, koyamba chichokere kumudzi. Kenako ndinazungulira m'mbali mwake mpaka ndinamva madzi akugwa kuseri kwa khoma. Kunsi kwake mtsinje unali ukupitirira ngati palibe chachitika.

Tisanafike m'tauni, mtsinje wina unalowa kuchokera kumanzere. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi Likuni. Miyendo inkafuna kukhotera pomwepo. Koma mlatho waukulu ndinali ndisanauone, ndipo ndinali nditaphunzira kale chimene chimachitika ukatsata madzi chifukwa akuoneka bwino. Ndinawoloka, madzi akulekeza m'mawondo.

Tauni ndinainunkhiza ndisanaione. Inkanunkha dizilo ndi fumbi. Mlatho unali wodzaza malole a njerwa ndi zitsulo, njinga, ngolo za ng'ombe, anthu osenza mabokosi. Kutsidya kunali msika ndi masitolo a Amwenye. Mbali imene ndinali ine kunali nyumba za boma zopaka laimu. Aliyense ankaoneka wofika kumene ndiponso wochedwa kwinakwake. Bambo wina wa yunifomu anandiimitsa nafunsa mwana ndi wa yani. Ndinagwada pafumbi. Anafunsanso m'Chingerezi. Kenako lole inaliza hutala, iye n'kutembenuka, ine n'kutsetserekera kunsi kwa mlatho, pakati pa amayi ochapa. Atate anati usaime.

Nyumba zinatha. Kunayamba minda ndi tchire. Ndinayenda mpaka ndinayamba kukayika ngati ndinamva bwino. Kenako ndinaona mzere wofiira m'madzi, ukuyenda m'mbali mwa gombe la kumanzere osasakanikirana ndi ena. Ndinautsata. Unkachokera mu kamtsinje kobisika m'bango.

Ndinakhumudwa nawo Lingadzi. Ulendo wonse uja ndinkauganizira ngati mtsinje waukulu, woti munthu n'kusiyira mkazi ndi ana. Unali madziwe olumikizana ndi kamadzi koyenda pansi pa miyala. Koma kufiirako kunandiuza kuti kumtunda wina akuvundula mchenga.

Masiku ano mumauwoloka pa minibasi, maso ali pa foni, ndipo mukaukumbuka ndi pamene wasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu. Umachokera kumadzulo, kumadambo a kumidzi, n'kudutsa pakati pa tauni yakale ndi yatsopano. Nthawi imeneyo pakatipo panali nkhalango yeniyeni. Apusi ankatitsata m'mitengo. Pa dziwe lina ng'ona inali itagona pamchenga, kukamwa kuli yasa. Ndinakwera kumtunda n'kuilambalala. Kupyola mitengo ndinkamva nyundo ndi makina. Ndinaona misewu yofiira yopanda nyumba, ndi chinyumba chachitali chopanda denga, anthu akuyenda pamwamba pake ngati nyerere. Kumeneko ndi kumene mumati City Centre.

Matayala a lole anali atatsikira mumtsinje. Amuna ambiri, opanda malaya, ankaponya mchenga m'lole. Onse anali ofiira ndi fumbi mofanana. Mmodzi ankapuma ataima ndi mwendo umodzi, phazi linalo atalitsamiritsa pa bondo. Kaimidwe kameneko nkakumunda kwathu, ka atate.

Atate anaponya fosholo. Anandimasula Lusiya kumsana, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, kumene ndinachokera. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Amako ali kuti?”

Ndinagwada pamchenga n'kuweramitsa mutu.

“Rozina, amako ali kuti?”

Anandigwira mapewa n'kundigwedeza. Nsalu ya kumutu inagwa. Amuna aja anasiya kukumba. Wina anati mwana wazunguzika ndi mfuti, zimachitika.

Panali mayi wina wa m'midzi yapafupi amene ankagulitsa thobwa kwa okumba mchenga. Dzina lake sindinalidziwe konse. Anabwera akupukuta manja. Anayang'ana mutu wanga, tsitsi litangoyamba kumera. Analowetsa chala m'khosi mwanga n'kutulutsa mikanda.

“Bambo, musamugwedeze mwanayu. Ndi namwali uyu. Mufupeni.”

Atate anapisa m'matumba. Munalibe kanthu. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anamasula pini imene inkagwira thumba long'ambika la kabudula wawo. Anaiika pamchenga patsogolo pa mawondo anga. Anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu monga zimakhalira.

Mawu anatuluka osasa, ngati a munthu wina.

“Atate, njira ndinkaidziwa.”

Ndinawauza zonse, kuyambira padambo mpaka pa mkuyu wa mng'oma. Lole inadzaza n'kupita. Atate anakhala pamchenga Lusiya ali pamiyendo, akumuchotsa zitsotso za udzu m'tsitsi.

“Ukanafupidwa paphiri pomwepo,” anatero. “Anaiwala ndi akuluakulu. Iwe unasunga chimene anakupatsa kuti usunge.”

Mawu amenewo ndayenda nawo moyo wanga wonse. Masiku ena amandikwana, masiku ena ayi. Ndinakhala chete kuti amayi asafe. Palibe m'busa kapena wansembe amene anandimasulira bwino nkhani imeneyi, ndipo ndinaleka kufunsa.

Tinakhala m'kachisakasa ka atate pafupi ndi mtsinje. Lamulungu lililonse iwo ankatsika mpaka pamene Lingadzi amathira mu Lilongwe, n'kukhala pamwala mpaka madzulo. Ankati munthu wotsata madzi ayenera kudutsa pamenepo. Ndinawakumbutsa kamodzi kuti amayi njirayo sanauzidwe. Lamulungu lotsatira anapitanso.

Mzinda unakula tikuona. Ine ndinalowa ntchito yochapa ndi kulera ana kwa banja lina la ku Rumphi, bambo ake kalaliki wa boma amene anasamuka ndi maofesi kuchokera ku Zomba. Pambuyo pake ndinagwira ku Area 9, kenako ku Area 43, kumene mipanda ndi yaitali kuposa nyumba za kwathu. Mabwana anga onse ankadandaula chinthu chimodzi, kuti Rozina ndi wolongolola, akaona cholakwika sasunga. Ankanena zoona.

Apwitikizi atachoka, atsibweni a Bonifasiyo anatipeza. Anabwera pa basi, akutsimphina. Anakhala pakhonde ndi atate, ine ndili chapatali. Anati amayi anagwa pomwe paja, m'mbali mwa Kamwambuzi, ndipo iwo anabwerera patapita masiku awiri n'kuwaika pansi pa mkuyu. Za khwawa louma sanafunse. Atate sananene, inenso sindinanene.

Ponyamuka anandiitana. Anatulutsa kansalu m'thumba la jekete. Kanali kangodya ka chitenje, kodulidwa ndi mpeni, mfundo yake isanamasulidwe.

“Izi zinali pa nsalu ya amako. Ndinaona kuti mwina ndi zako.”

Ndinamasula ndi mano. Munali ndolo ziwiri zija. N'zimene anabwererera m'nyumba mfuti zikulira. Anali nazo padambo paja, pa mfundo imene ndinkakoka.

Sindinazivalepo. Lusiya atakula, anachita mwambo wake kumudzi wina kuno ku Lilongwe. Tsiku lotuluka ndinaima pakhomo penipeni pa tsimba. Asanafike n'komwe pamphasa, ndinamutsegula dzanja n'kuikamo ndolozo. Anamkungwi anadandaula kuti ndathamangira mwambo. Ndinawasiya adandaule.